Belu la a Edwina

"Kodi Mtisunge, ungandiwerengere zimene alemba pamwalapa? Magalasi ndaiwala m'basi."

Anandifunsa choncho azakhali anga a Edwina, titaima pamanda ena akale kuno ku Hull, mvula ikuwaza. Ndinali nditangomaliza sukulu, ntchito ndilibe, ndiye aliyense ankandituma. Ndinapalasa ndere ndi kiyi n'kuwerenga: Ralph Ormsby, mkazi wake, ana ake atatu.

"Joan palibe?"

"Palibe, azakhali."

Anagwedeza mutu, n'kuthira madzi a m'botolo pamwalapo, kuutsuka ndi mpango wawo.

A Edwina ndi alongo awo a bambo anga, a Overtone. Anabadwira ku Thyolo, ndipo anabwera kuno mu 2003. Anzawo onse ankapita ku Leeds ndi ku Manchester, iwo anasankha Hull, anthu n'kumawaseka kuti atsata fungo la nsomba. Zaka makumi awiri akhala akusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba m'nyumba yosungira okalamba, moti msana unapindika. Koma tsiku lopuma lililonse ankakwera basi kukayenda m'manda, kufunafuna dzina limodzi.

Ralph ameneyu anachoka ku Hull kuno ali mnyamata, nakatsegula munda wa khofi ku Thyolo azungu asanachuluke. Anzake anamusankha kukhala wapampando wa alimi achizungu a m'deralo. Anthu ankamutchula kuti Chipewa. Anatenga mkazi wachimang'anja, Nachisale, nabereka naye Joan. Mwana ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Chipewa anabwerera kwawo kukakwatira mzungu mnzake. Anasiyira Nachisale belu lamkuwa loitanira anthu ku thangata, basi. Belulo linachoka kwa Nachisale kupita kwa Joan, kwa Joan kupita kwa mwana wake, agogo Aida, kenako kwa mwana wawo, a Edwina. Analibweretsa kuno atalikulunga m'chitenje, lilime lake atalimanga ndi nsanza kuti lisalire pabwalo la ndege.

Mandawo ndinawapezera ndine. Masabata atatu ndinakhala ku laibulale, maso akuwawa. Ndinenso ndinapeza mdzukulutuvi wa Chipewa, bambo wina wokalamba dzina lake David, n'kumulembera kalata yaulemu kwambiri. Atayankha kuti tibwere kudzamwa tiyi, ndinasita diresi langa labuluu kawiri.

Loweruka lake ndinafika kwa azakhali m'mawa. Ndinapeza msuweni wanga Michelle, mwana wawo, atagona pasofa, foni m'manja, belu lili pamimba pake ngati mphaka.

"Iwe, chimenecho si chidole," ndinatero.

"Mum gave it to me," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

Michelle anabadwira konkuno. Chichewa amamva, koma kuti ayankhe, pakamwa pamalemera. Nachisale amamutchula kuti "Natchy".

Ndinalowa kukhitchini. "Azakhali, zoona?"

"Zoona. Lero akalinyamula ndi iyeyo. Galimoto ya aneba athu a Chabala yadzaza kale, iwe utsale uyang'anire nyemba zisapserere."

"Koma kalata ndinalemba ndine!"

"Unalemba bwino, mwanawe, ndipo Mulungu akudalitse. Koma belu limayenda ndi mbumba. Kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Iwe ndiwe mwana wa mlongo wanga. Kwanu n'kwa amako, ku Ntcheu. Ukanakhala wobadwa mwa ine, bwenzi tikukamba zina."

"Ndiye poti ndinabadwa kwa mwamuna, ndine mlendo?"

"Si mlendo. Ndiwe wathu, koma si wa belu."

Anazinena mofatsa, akupukuta kapu, ngati akunena kuti kunja kukuzizira. Michelle anasuzumira pakhomo, naliza belu kamodzi. "Msuweni, tea please!" Mawu achichewa okhawo amene amawatchula bwino ndi amenewo, ondinyoza nawo.

Nyemba zinapserera. Sindinachite dala, koma sindinathamangenso.

Anabwerako madzulo, Michelle akusimba mwachimvemvemve. David analira ataona belu. Anatulutsa pepala lalitali la mtundu wawo, mayina a amuna okhaokha ndi ana awo, nalemba Joan ndi pensulo m'mphepete. Anamujambula Michelle atanyamula belu, akuti chithunzicho achitumiza kwa abale onse mpaka ku Australia. Dzina langa silinatchulidwe, ndinafunsa kawiri.

Azakhali anakhala pampando, navula nsapato. Sankaoneka okondwa.

"David anandifunsa kuti Nachisale anali munthu wotani," anatero. "Chingerezi chinandithera. Ndinayang'ana uyu kuti andithandize, iye n'kunena kuti anali wantchito wa m'nyumba."

"That's what I thought you said, Mum!"

"Wantchito! Mayi amene analima yekha n'kulera Joan, anthu akumuseka kuti wabereka mwana wofiira!"

Kenaka anayamba kusimba, kuyang'ana ine, osati Michelle: mudzi wa Nachisale, nyimbo imene ankaimba posinja, tsiku limene anakana kugulitsa belu kwa amishoni kuli njala. Michelle anamvera pang'ono, n'kubwerera pafoni, belu lili pambali pake.

Ndinkalilakalakabe belulo, sindinama. Mpaka lero ndikaliona pawindo la kuchipinda kwa Michelle, mtima umandiwawa.

Lolemba ndinagula kope lachikuto cholimba. Ndinaganiza zoti tsiku lopuma lililonse la azakhali ndizikakhala nawo, ndilembe zonse za Nachisale, Joan ndi agogo Aida, dzina langa pachikuto. Ndipo ndilemba m'Chichewa chokhachokha. Tsiku limene David kapena ana a Michelle adzafunse za belulo, Michelle adzakwera basi, adzagogoda pakhomo panga, n'kundipempha bwinobwino kuti ndimuwerengere.