Kuperekeza Alendo pa Njira ya ku Biyaholo

Zaka zoyamba za ufulu zinali za ndalama mu Ndola, ndipo mowa unkayenda pamodzi ndi ndalamazo. Ine ndinali mphunzitsi ku Masala. Amuna anga ankakonza makina ku mgodi wa Bwana Mkubwa. Anali munthu wofatsa ndi waluso, koma basi ya ku ntchito inkawatsitsa pafupi ndi biyaholo, ndipo kamtunda kochokera pamenepo kufika pakhomo pathu kankawatengera madzulo onse. Akulu a mpingo anawaimitsa pa mgonero. Kapitawo wawo anawauza kuti akadzafikanso akununkha mowa, ntchito idzathera pomwepo.

Namwino wina wa ku kiliniki anandiuza kuti kuli amuna amene anasiya mowa, ndipo amakumana kuti azilimbikitsana. Kumene ankakumana sankakudziwa. Ndinafunsa amayi a kumpingo, iwo anandilonjeza mapemphero, ndipo ndinawathokoza. Ndinafunsa ku holo ya mzinda, anandionetsa kalabu ya nkhonya. Kwa mwezi wathunthu ndinkafunsa anthu olongosoka okhaokha, amene za oledzera sankazidziwa.

Amene anandithandiza anali mayi wa Chibemba wogulitsa mapazi a ng'ombe pakhomo pa biyaholo. Ndinapita kwa iye masana, nditavala ngati ndikupita ku msonkhano wa aphunzitsi.

“Mukunena aja anandithawa?” anatero akuseka. “Lachisanu lililonse amadutsa pano atandondozana, makosi ali gwa ngati anyamula bokosi la maliro. Amakumana m'shedi ya kalipentala, kuseri kwa tchalitchi cha ansembe. Mukawauze kuti mapazi a ng'ombe saledzeretsa.”

Ife a mpingo wathu pabwalo la ansembe sitinkapondapo. Lachisanu lotsatira ndinapondapo, nditakawachingamira amuna anga pa basi. Sanakane. Pakhomo pa shediyo tinalandiridwa ndi mkulu wina wa kwathu kum'mawa, wa imvi, amene anataya ntchito ziwiri ku Kitwe asanasiye mowa.

“Amayi, mwatibweretsera m'bale wathu, zikomo. Inu bwererani. Muno simulowa woyang'anira mayeso.”

“Nanga abwera bwanji kunyumba? Njira ndi yomweyo.”

“Tidzawatula pakhomo ife. Kuno munthu sadutsa pa biyaholo yekha. Lamulo lathu ndi lokhalo.”

Dzuwa lisanalowe ndinawaona akubwera, amuna asanu, amuna anga ali pakati. Ndinawayalira mipando, ndinawapatsa tiyi. Analankhula za mpira ndi za mvula, osati za zimene anakambirana m'shedi, ndipo ine sindinafunse. Alendowo atatsanzika, amuna anga ananyamuka n'kutenga chipewa.

Kwathu mlendo sabwerera yekha. Mwini nyumba amamuperekeza, ndipo mlendo wolemekezeka amatulidwa patali. Kusatero ndi chipongwe, ndipo amuna anga, ngakhale pa masiku awo oipitsitsa, sanachitirepo munthu chipongwe. Anawaperekeza mpaka kupyola biyaholo, pafupi ndi msika. Atagwirana chanza, onse anazindikira kuti tsopano amuna anga abwerera okha pa njira yomwe ija.

Ndinaona gulu lonse likubwereranso pakhomo panga.

“Tawabweza, amayi,” anatero mkuluyo, akupukuta thukuta. “Akhale pansi.”

“Sindingakhale, akulu,” anayankha amuna anga. “Mwamwa tiyi m'nyumba mwanga. Kodi anthu anene kuti ndakupirikitsani?”

“Alamu,” anatero mkulu uja, “ife ulemu wanu tauona kale. Miyendo yathu ndiyo ikudandaula.”

“Ndikutulani pa msika pokha.”

“Pa msika pomwepo ndiye pali vuto,” anatero wina wamfupi, woyendetsa sitima. “Tikapitiriza chotere, mowa tisiya chifukwa chotopa.”

Anaseka onse, koma amuna anga anaimabe ndi chipewa m'manja. Ndinawayang'ana nkhope ndipo ndinaona kuti sakuchita nthabwala. Munthu amene mpingo unamukhazika kumbuyo ndipo ana ankamuseka mumsewu anali atatsala ndi ulemu umenewu wokha. Akanaletsedwa kuperekeza alendo ake, Lachisanu lotsatira sakanapitanso ku shedi.

Ndinalowa m'nyumba, ndinamanga duku, ndinatseka chitseko.

“Tiyeni, tikutuleni tonse awiri,” ndinatero.

Motero ine, mphunzitsi amene ndinkalanga ana chifukwa choima pafupi ndi biyaholo, ndinadutsa pakhomo pake pakati pa amuna asanu odziwika ndi tauni yonse. Mayi wa mapazi a ng'ombe anaimirira kuti aonetsetse. Pa msika tinatsanzikana mwa dongosolo lake, kenaka tinatembenuka awiriwiri.

Chikwatirane, tinali tisanayendepo limodzi mumsewu wa m'tauni. Iwo ankatsogola, ine pambuyo. Tsiku limenelo anachepetsa liwiro mpaka tinafanana. Titayandikira biyaholo, anzawo akale anawaitana m'Chibemba, akukweza zikho. Ndinamva mpweya wa amuna anga ukusintha. Sindinawagwire mkono.

“Ndili ndi amayi,” anawayankha, akukweza chipewa pang'ono, ndipo tinapitirira.

Lolemba m'mawa anakwera basi ya ku Bwana Mkubwa maso ali oyera, ndipo ntchito ija anaigwira mpaka kupuma kwawo. Lachisanu linakhala tsiku langa loyenda: alendo ankawabweretsa, ife tinkawatula pa msika, kenaka awiri tinkabwerera kwathu pang'onopang'ono.