A Wailesi Analosera Mwana Wawo

Ine ndine wosoka nsapato. Ndimakhala pakhonde pa shopu yometera ya alamu anga, moyang'anana ndi geti la koleji. Zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso anga. Pomwe sindinaone ndinena.

Alamu angawo anakwatira mlongo wanga. Anthu amawatchula a Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa m'mawa amadzatseka pamodzi ndi chitseko madzulo. Anayamba kumeta pansi pa mtengo, ndi sizasi komanso galasi lomwe anachotsa pagalimoto yakufa. Lero ali ndi mipando iwiri, makina amagetsi ndi benchi la odikira. Mpira sanasewerepo, mwendo wawo wamanzere ndi waufupi chibadwire. Koma timu ya kolejiyo amaidziwa kunja ndi mkati.

Ligi ya makoleji ikamayandikira, amatseka shopu dzuwa likapendeka n'kukaima kuseri kwa golo, kuonerera anyamata akukonzekera. Osewerawo amametanso kwa iwo, ndipo munthu akakhala pampando wometera pakamwa pamamasuka. Wina bondo likumuvuta, wina wakangana ndi kochi, wina chibwenzi chamusiya. Loweruka lomaliza ligi isanayambe ndilo tsiku lolosera, shopu imadzaza mpaka pakhonde panga. Ndipo ali ndi kachitidwe kawo. Amalosera makina ali pamutu pa munthu wamakani kuposa onse. Ukafuna kutsutsa pukusa mutu, upita kwanu ndi msewu pakati pa tsitsi.

Chaka chino mwana wawo woyamba analowa kolejiyo, ndipo kochi anamusankha kukhala goloboyi. Mlongo wanga anaoneratu patali.

"Bambo, chaka chino musalosere. Muwauze kuti pakhosi pakupweteka."

"Pakhosi pangapa? Ndani angakhulupirire?"

Tsikulo litafika, pampando panakhala woyendetsa minibasi wina, mwini makani. Alamu anamukulunga nsalu m'khosi n'kuyatsa makina.

"A Zaulimi tikawakwapula kwawo konko. Mphamvu ali nazo ngati ng'ombe zawozo, koma mpira amauthamangira onse pamodzi ngati nkhuku zaona chiwala. A Uphunzitsi tilepherana nawo. Kupatsirana amatha, kugoletsa ayi. A Zaumoyo musawaope, chigawo chachiwiri amayamba kupempha madzi."

"Nanga a Zaumisiri?" anafunsa wina pabenchi.

"Amenewo adzatiphera pakhomo pathu pomwe pano. Ali ndi anyamata awiri aatali ngati mapolo a magetsi. Ndiye goloboyi wathu, akamenya kona, amatsinzina."

Woyendetsa minibasi uja anayankhula osagwedeza mutu.

"Wailesi, ameneyo si mwana wako?"

"Ndi wanga, n'chifukwa chake ndikudziwa. Mpira unam'menya pamphuno ali wamng'ono. Wapansi amaugwira ngati mphaka, koma wam'mwamba amatseka maso n'kusiya zonse m'manja mwa Mulungu."

Anthu anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke.

Sabata isanathe koleji yonse inkamutchula mnyamatayo kuti Tsinzina. Ngakhale atsikana ogulitsa zinthu pageti akamuona ankatseka maso n'kutambasula manja. Iye anasiya kulowa m'shopu. Akatuluka pageti ankadutsa tsidya lina la msewu, nkhope kumbali. Kunyumba anasiya kubwera Lamlungu, anati akuwerenga. Kenaka tinamva kuti wakameta kwa mnyamata wina kumsika. Alamu atamva zimenezi anasesa m'shopu kawiri, pansi popanda tsitsi.

Mlongo wanga anabwera pakhonde panga atanyamula nsapato yomwe sinali yong'ambika.

"Achimwene, mwana akutayika uyu. Inu ndinu malume wake. Auzeni alamu anu akanene pagulu kuti ankangocheza."

"Ankacheza?"

"Ayi, koma anene choncho."

"Bodza sindingawatume. Mwanayo amatsinzinadi, inenso ndinamuona."

"Inu ndi alamu anu, mutu umodzi! Choonadi chanucho mudzadya nacho pamodzi, mwana atapita."

Ananyamula nsapato yake n'kumapita. Mawu akewo anandikhala. Makasitomala atatha ndinalowa mkati.

"Alamu, munanena zoona. Koma zaka zonsezi munamuuzapo mwiniwakeyo, awiriwiri?"

Anayankha motsitsa, chinthu chosowa kwa iwo.

"Ndinkaopa kumukhumudwitsa."

"Ndiye munaona kuti pagulu sakhumudwa?"

Anatenga kaburashi n'kuyamba kupukuta makina oyera kale.

Mnyamatayo ndinakamupeza kubwalo. Anzake anali atapita, iye anatsala ndi mnzake mmodzi amene ankamuponyera mipira yam'mwamba kuchokera pakona. Mphumi inali yotupa.

"Malume, ngati akutumani, kawauzeni kuti ndilibe nawo mawu."

"Sanditume munthu ine. Ndabwera kudzaona ngati ukutsinzinabe."

"Nanunso?"

"Inenso. Ananama bambo ako?"

Anagwetsa mpira pansi n'kuuponda.

"Sananame. Koma ine ndine mwana wawo, si gemu ya Loweruka. A Zaumisiri akadzatichinya pakona, anthu adzawanyamula paphewa kuti Wailesi sanama. Ine pakhomo paja sindidzapondaponso."

Ananena mosakweza mawu, ndipo ndinadziwa kuti sakuopseza.

Ligi inayamba. A Zaulimi tinawakwapuladi. A Uphunzitsi tinalepherana nawo. A Zaumoyo anapempha madzi monga ananenera. Kulosera kulikonse kukakwana, anthu ankabwera kudzawagwira chanza alamu, koma iwo nkhope inkangogwa. Sindinaonepo munthu akuopa kukhoza ngati mmene ankaopera iwo. Anaonda. Wailesi inayamba kumveka motsitsa.

Tsiku la a Zaumisiri alamu anati sapita, ali ndi makasitomala. M'shopu munalibe ngakhale ntchentche. Ndinawalanda kiyi, ndinatseka ndekha, n'kuwakoka mpaka kubwalo. Sanaime kuseri kwa golo monga mwa masiku onse. Anabisala kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi mpanda.

Mapolo a magetsi aja analipodi, alamu sanawonjezere. Kona yoyamba itabwera, ochemerera a Zaumisiri anayamba kuimba, "Tsinzina! Tsinzina!" Mnyamata anatuluka pagolo, analumpha pakati pa awiriwo n'kuumenya mpira ndi nkhonya mpaka pakati pa bwalo. Ngati maso anali otsegula sindinganene, ndinali patali. Koma wotsinzina samenya mpira chotero. Ina anaigwira ndi manja awiri. Pa kona ina chigongono cha mmodzi wa ataliwo chinamupeza padiso, anagwa, anadzuka mpira uli pachifuwa. Alamu anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Alamu, mukundipweteka."

"Pepani. Watsegula, eti? Mwaona inu?"

"Ndiye onerani nokha, mwatsinzina ndinu."

Gemu ili pafupi kutha, wosewera wathu wakumbuyo anafuna kubwezera mpira kwa goloboyi osayang'ana kuti waima pati. Mpira unagubuduka pang'onopang'ono n'kulowa m'golo lathu lomwe. Tinagonja ndi chigoli chimenecho.

Anthu anawazungulira alamu. "Wailesi sanama! Wanenanso!" Iwo anawakankha n'kubwerera kushopu, akutsimphina mofulumira kuposa kale lonse. Nditawatsegulira anakhala pampando wa makasitomala, chinthu chomwe sachita. Ine ndinakhala panja, dzanja lili pansapato koma osasoka. Tonse tinkadziwa kuti timu yagonja monga ananenera. Chomwe sitinkadziwa n'chakuti mnyamatayo aziona bwanji.

Dzuwa lisanalowe ndinamuona akutuluka pageti, chikwama paphewa, diso limodzi litatupa ngati dzira. Anaima m'mbali mwa msewu kudikira galimoto zidutse. Kenaka anawoloka.

"Mwaswera, malume?"

"Ndaswera. Lowa."

Anaima pakhomo. Bambo ake anadzuka.

"Mwakhoza, bambo. Tagonja."

"Ndakhoza chiyani? Ndinati adzatichinya pakona. Atichinya pakona?"

"Ayi."

"Ndiye ndaphonya. Mawa ndiwauza onse, ndiyambira woyendetsa minibasi uja." Anamuyandikira. "Zija ndinayenera kukuuza kunyumba, mwana wanga. Ndinalakwa malo."

Mnyamata analoza diso lake lotupalo.

"Diso ili latsekeka lokha, musakalengezenso."

Alamu anaseka, koma chiseko chake chinali chonyowa. Anatuluka kukagula ayisi pagolosale yoyandikana nafe, anamukulunga m'kansalu n'kumuika padiso la mwanayo ndi dzanja lawo. Ndinamva akuyamba kumufotokozera za gemu yotsatira, motsitsa, kuti wakumanzere wa timu inayo amamenya ndi mwendo umodzi wokha. Mnyamata ankatsutsa. Bambo ake anamulola kutsutsa.

Ine ndinalongedza zida zanga msanga n'kupita kukauza mlongo wanga. Ndinamupeza akuchotsa zovala pachingwe.

"Wabwera. Ali m'shopu ndi bambo ake."

Anakhala pansi pomwepo, zovala zili pamiyendo, n'kupuma mpweya wautali.

"Akuyankhulana?"

"Akukangana za mpira."

"Basi, zili bwino," anatero. "Kawauzeni asachedwe, ndiwonjezera mbale."