Tsiku Limene a Getrude Anatseka Pakamwa

Kwathu kuno ku Sinda, ukwati umene a Getrude Daka sanapiteko anthu amati unali msonkhano chabe. Mayiwa ndi mlimi wa mtedza, wa Chigwirizano cha amayi pa tchalitchi chathu cha Reformed, ndipo nthungululu yawo imamveka mpaka kumsewu wa tala. Ine ndimakhala nawo benchi imodzi, khutu langa lamanzere lingachitire umboni.

Mlongo wawo, a Harrison, ali ndi mnyamata dzina lake Fanuel. Anaphunzira kiyibodi kutchalitchi, kenaka mtima wake unatengeka ndi nyimbo zakale za kwa azungu zotchedwa kilasiko, zazitali, zopanda ng'oma, zina zopanda ndi mawu omwe. Anayamba kupeka zake. Sukulu ina ya nyimbo ku Lusaka inati atumize imodzi yoimbidwa ndi anthu, ikakoma amulandira. Koma bambo ake anali atamupezera kale ntchito yonyamula anthu pa njinga yamoto ku Katete, yoyamba mwezi ukatha.

"Nyimbo yopanda mawu ndi kubuula basi," anatero a Harrison.

"Achimwene, inu mumabuula chaka chonse, koma palibe sukulu yakuitanani," anayankha a Getrude.

Nyimboyo a Getrude sankaimvetsa n'komwe, koma mwana wa mlongo wawo ankamumvetsa. Anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa a kwaya. Wokana ankamukhalira pakhonde, akuswa mtedza wawo mosathamanga, mpaka avomere. Kwaya inaphunzira kuimba "uu" ndi "aa" m'mawu anayi, ena akuseka, Fanuel akutuluka thukuta.

Loweruka masana m'tchalitchi Fanuel anaika foni pampando kuti ajambule, ife amayi titadzaza mabenchi. Pakati pa nyimboyo pali malo amene onse amasiya kuimba, kenaka n'kuyambanso chapansipansi. A Getrude anayesa yatha. Anaimba nthungululu, n'kuvina mpaka kutsogolo kukapukuta nkhope ya Fanuel ndi chitenje, ife pambuyo pawo. Musatiweruze. Kwathu kuno munthu akaimba bwino iwe n'kukhala duu, ndiye kuti uli ndi nsanje.

Anayambiranso. A Getrude anapirira pamalo aja, koma mawu a atsikana atakwera bwino analephera kudzigwira.

"Azakhali, chonde," anatero Fanuel, "nyimbo iyi imafuna anthu akhale chete mpaka kumapeto."

"Nanga udziwa bwanji kuti taikonda, mwana wanga?"

Fanuel anayamba kukulunga chingwe cha kiyibodi. "Mwina atate akunena zoona," anatero motsitsa. Pamenepo ndinamva chisoni, ndipo manyazi anandigwira, chifukwa chikondi chathu ndicho chinali kumukankhira ku njinga ija.

A Getrude anamulanda chingwecho. Anapirikitsa nkhuku pakhomo, anatiyang'ana tonse ndi diso lija limene amayang'anira mbuzi m'munda mwawo, n'kukhala pansi. Kenaka anatenga nsonga ya chitenje n'kuilowetsa m'kamwa. Anandipatsa dzanja kuti ndiwagwire.

Nyimbo inayamba. A Getrude anandifinya dzanja mwamphamvu. Titafika pamalo osiya kuimba paja, m'tchalitchi munati zii, tikumva malata akuthetheka ndi dzuwa. Kenaka amuna analowa chapansipansi, atsikana n'kubwera pamwamba pawo pang'onopang'ono. Sindikudziwa kuti nyimboyo inkanena chiyani, koma misozi inandituluka.

Itatha, Fanuel anazimitsa foni n'kugwedeza mutu kuti tsopano tikhoza kuimba nthungululu. Tonse tinatembenukira kwa a Getrude. Anatulutsa chitenje m'kamwa, anatsegula pakamwa, koma mawu anakana. Ankangolira.

Amene analankhula anali a Harrison, omwe nthawi yonseyi anaima panja pa windo, akunamizira kukonza tcheni cha njinga yawo yakapalasa.

"Fanuel, uitumize lero lomwe," anatero. "Ku Katete ndikawauza apeze wina."