Nsomba Zinayi pa Tivi ya Ba Mutinta

Ntchito yanga ya ku fakitale ya nsalu inatha salaula, zovala zakale zochokera kunja, atadzaza pamsika wa Kafue. Ine ndinali m'chipinda chojambula, momwe tinkakonza maluwa ndi mizere ya zitenje zisanakadindidwe. Boma litatsegula malire n'kuyamba kugulitsa makampani, chipinda chathu chinali m'gulu la zoyamba kutsekedwa. Bambo wa ana anga anali atamwalira kale. Ndinatsala ndi Dalitso ndi Tisa m'kanyumba ka lendi ku Estates, ndi bokosi la mapensulo amitundu lomwe panalibe wolifuna.

Mlongo wanga wamkulu, a Yohane, ankayendetsa lole pamsewu wa ku Katete. Munthu wabwino, koma akanena chinthu wanena. Anati sukulu zikamatsegulidwa mu Januwale ine ndilibe ntchito yooneka, abwera ndi lole kudzatitenga tonse kupita kumudzi. Ndinkadziwa kuti tikangokwera loleyo, sukulu ya ana anga yathera pomwepo, chifukwa kwathu sukulu ili kutali ndipo Tisa akanangosanduka wolera ana a eni. Usiku tulo sitinkabwera bwino ndikaganiza zimenezi.

Ntchito yatsopano ndinaipeza chifukwa cha wailesi. Inasiya kulankhula, ndiye ndinapita nayo kwa Ba Sakala, omwe anali ndi kashopu kokonza mawailesi ndi mativi kuseri kwa msika, mbali ya ku siteshoni. Iwonso anali ochotsedwa ntchito, ku fakitale ya feteleza, komwe ankakonza makina oyezera. Kachivindikiro ka mabatire kanali kataguluka, ndiye ndinakakulunga m'pepala lakale la kuntchito, la mizere ya timabokosi, pomwe ndinajambulapo duwa. Ba Sakala wailesi anaiika pambali osaiyang'ana n'komwe. Anawongola pepala lija patebulo.

"Ni ndani anadrowa ivi?"

"Ndine."

"Mungadrowe nsomba mu tumabokosi eyiti uku, eyiti uku? Osapitilila?"

Ndinaganiza kuti mavuto awasokoneza mutu, chifukwa masiku amenewo ambiri anasokonezeka. Komabe ndinajambula, ndipo m'mawa mwake ndinayamba ntchito.

Nthawi imeneyo timakina ta magemu a pa tivi tinali titalowa m'dziko ndi ochita malonda odutsa malire. Kamakina kapulasitiki, zogwirira ziwiri za mabatani, ndi katiriji yachikasu yomwe umailowetsa pamwamba. Makatirijiwo ankaonongeka msanga, choncho Ba Sakala anali ndi katoni yodzaza makatiriji akufa. M'malo mowataya, iwo anaganiza zopanga gemu yawoyawo. Panalibe anawatuma. Akazi awo ankati ndi matenda.

M'katiriji muli kabolodi, ndipo pakabolodipo pali machipi awiri akuda. Ina imasunga malamulo a gemu, ina imasunga zithunzi. Ba Sakala ankasungunula mtovu ndi kachitsulo kowotcherera, n'kuuyamwa ndi kapampu, mwendo umodziumodzi, mpaka chipi yakale ituluke. Pamalopo ankaikapo soketi, kenako chipi ya mtundu wina, yokhala ndi kawindo kagalasi pamsana. Imeneyo umatha kuilemba ndi kabokosi kolumikiza ku kompyuta, komwe iwo ankakatcha bena. Kompyutayo anaigula pomwe ofesi ina inkagulitsa katundu potseka. Chipi ikalembedwa, pakawindo timamatapo tepi yakuda, chifukwa kuwala kwamphamvu kumafufuta zolembedwazo. Ukalakwitsa, umachotsa tepi n'kuifufuta dala. Nyale yofufutira Ba Sakala analibe, ndiye machipi olakwika tinkawayanika padenga la malata, ndipo ankakhala padzuwa nthawi yaitali asanayere.

Malamulo a gemu ankalemba okha. Yanga inali mbali ya zithunzi. Chilichonse cha pa sikirini chimamangidwa ndi timatailosi ta timadontho tisanu ndi titatu m'litali ndi m'lifupi, ndipo m'katailosi kamodzi simuloledwa mitundu yoposa itatu kuphatikiza pa mtundu wa kumbuyo. Ndinkajambula papepala la timabokosi, n'kusandutsa mzere uliwonse kukhala manambala, n'kuwatayipa. Ndinadandaula kuti mitunduyo yachepa. Ba Sakala anangoti, "Makina siyamvela madandaulo, Bana Dalitso. Drowani."

Gemuyo tinaitcha Bwato. Nsomba zimagwa kuchokera pamwamba kulowa m'bwato, iwe n'kumazisuntha kumanja kapena kumanzere. Zitatu zofanana zikagundana, zimachoka, ndiye kuti zagulidwa. Ukachedwa, bwato limadzaza n'kumira. Nsombazo zinali za mitundu inayi: yofiira, yobiriwira, yabuluu ndi yapepo. Thupi linali limodzimodzi, chosiyana ndi utoto basi. Ba Sakala anakonda zimenezo chifukwa zinkasunga malo m'chipi. Inenso ndinasankha mitundu monga tinkachitira ku fakitale, yowala mofanana, kuti wina usamere mnzake. Pa tivi ya m'shopu, yaikulu yamitundu yomwe mwini wake sanabwerenso kudzaitenga, nsombazo zinkaoneka bwino moti ndinkanyada.

Ba Sakala sanandibisire. Zokonzakonza akanatha okha. Ine akanandisunga pokhapokha gemuyo itapeza oifuna.

Woyamba kuifuna anali Ba Mutinta a ku Chanyanya, mayi wamalonda a nsomba wa mawu aakulu. Anali ndi shedi pafupi ndi doko momwe anthu ankaonera tivi ndi kusewera magemu. Mu Disembala boma limatseka kupha nsomba, ndiye asodzi amangokhala. Magemu omenyana omwe anali nawo ankathera m'ndewu zenizeni, ndipo mabenchi awiri anali atathyoka kale. Anati akufuna gemu yoti munthu akhale pansi aganize. Ikawakomera, auzanso anzawo a mashedi ena m'mbali mwa mtsinje.

Tinapita Lamlungu, mvula itagwa usiku wonse. Kavani komwe tinakwera kanatitimira kawiri, ndipo kachiwiriko tonse tinatsika kukankha. Katiriji ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuibisa m'kati mwa bulauzi. Tinafika matope ali m'mawondo, shedi itadzaza, chifukwa Ba Mutinta anali atalengeza kuti kukubwera gemu yopangidwa ku Kafue konkuno.

Tivi yawo inali pa shelefu, yaing'ono, yoyendera batire la galimoto. Ba Sakala analowetsa katiriji, n'kuyatsa. Dzina la gemu linatuluka, anthu anaombera m'manja. Bwato linaoneka. Kenako nsomba zinayamba kugwa.

Tiviyo inali yopanda mitundu, ya blakenawaiti. Nsomba zonse zinayi zinatuluka zotuwa, kutuwa kwake kumodzimodzi, osasiyana ngakhale pang'ono.

Msodzi wina wamtali, yemwe anapatsidwa chogwirira, anaika nsomba zitatu pamodzi. Sizinachoke. Anaikanso zina zitatu, osachoka. Kenako ziwiri zinagundana ndi ina ya pambali n'kuzimiririka iye asakuyembekeza. Bwato linamira.

"Ba Sakala, iyi gemu ni ya mankhwala? Nsomba zonse ni kapenta!"

Shedi yonse inafa ndi kuseka. Wina anati mwina ifunika kuthira mchere. Ba Sakala anayesa kupotokola mabatani a kuwala kuseri kwa tivi, thukuta lili chuchuchu ngakhale kunali kozizira, koma panalibe chosintha. Ine ndinangoima pakona. Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti kunyumba kwanga komwe, tisanaigulitse, tivi yathu inalinso ya blakenawaiti. Pafupifupi aliyense amene ndinkamudziwa anali ndi yotero. Koma miyezi yonse ija tinkangoyang'ana tivi yokongola ya m'shopu, tonse awiri, osaganizako.

Ba Mutinta sanaseke. Anazula katiriji n'kundipatsa m'manja.

"Mwana wanga ayenda ku Lusaka pa Satade kukagula makatiriji. Ngati yanu siinasile, nizagula chabe ya ndeo, nizazolowela kukonza mabenchi."

Ba Sakala anati asintha mitundu, ina ikhale yowala, ina yakuda. Ba Mutinta anapukusa mutu. Anati batire likayamba kutha chithunzi chimafooka, zotuwa zonse zimafanana, ndipo kotchajitsa n'kutali.

Kavani kobwerera kanachedwa, ndiye tinakhala pabenchi kudikira. Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kulonga katundu: mapoto m'thumba, matiresi pamwamba pa lole, mayunifolomu a ana kupatsa aneba. Ba Mutinta anachotsa waya wa gemu n'kubwezera wa eriyo kuti anthu aonere pulogalamu ya nyimbo za Mulungu. Panatuluka kwaya ya amayi, onse atavala chitenje chimodzi. Chithunzi chinali cha mchengamchenga, koma nditangoyang'ana ndinadzidzimuka. Chitenje chija chinali changa. Ndinachijambula ine ku fakitale, masamba a chinangwa okhala ndi timadontho pakati, mizere itatu m'mphepete. Chinali chobiriwira ndi chikasu, koma apa panalibe mtundu uliwonse, ndipo ndinachizindikirabe msanga ngati mwana wanga pagulu.

Misozi inalengeza, sindinama, chifukwa ndinakumbuka chipinda chathu chija ndi anzanga omwe ena anali atamwalira. Koma dzanja linali litalowa kale m'chikwama kufuna pensulo. Pepala la timabokosi ndinali nalo. Ndinajambula pabondo, ndi pensulo yakuda yokha: nsomba ya mizere yoimirira, nsomba ya madontho, nsomba yoyera yense ya diso lalikulu, ndi ina yakuda m'kati yokhala ndi ndevu ngati mlamba. Ndinapita nalo pepalalo kwa msodzi wamtali uja, n'kuima patali, kukhomo.

"Ni zingati izi?"

"Folo. Iyo ya ndevu niidziba, inanilasa chaka chatha."

Vuto linatsala linali la machipi. Nsomba zinayi zosiyana zinkafuna kuti chipi ya zithunzi ilembedwenso, ndi ya malamulo yomwe, kuti idziwe kotenga chithunzi chilichonse. Machipi oyera tinalibe. Onse anali olembedwa, ndipo awiri omwe anali padenga ankangonyowa, chifukwa dzuwa la Disembala limatuluka mwa apo ndi apo. Kudikira denga kukanatifikitsa ku Isitala.

Lolemba Ba Sakala anasowa m'shopu m'mawa wonse. Ndinakawapeza m'babashopu ya pafupi ndi basi siteshoni. Masiku amenewo anthu ankaopa matenda, ndiye ometa ena anagula timabokosi ta nyale yabuluu yophera tizilombo pa makina ometera. Nyale imeneyo ndi mtundu womwewo wofufutira machipi. Mwini babashopu anakana kubwereketsa bokosilo, anati ndi la makasitomala okha. Ndiye Ba Sakala, omwe mutu wawo unali dazi lokhalokha, anakhala pampando n'kuti awamete, pang'onopang'ono, ndevu ndi nsidze zomwe. Machipi athu anali m'bokosi, mawindo ali m'mwamba, pakati pa zipeso. Anabwerako kumaso kuli see ngati mwana, koma titaika machipi mu bena, onse anali oyera.

Tisanalembe, ndinakana kuyesera pa tivi yaikulu ija. Tinafukula ka blakenawaiti kakale pansi pa tebulo, n'kukalumikiza ku batire lofooka dala. Nsomba ya madontho ndi ya mizere zinkafananabe chithunzi chikafooka, ndiye madontho ndinawakulitsa n'kuwachepetsa chiwerengero. Mitundu ndinaisiya momwemo, kuti wa tivi yamitundu asadandaule.

Lachisanu ndinapita ndekha ku Chanyanya. Msodzi wamtali uja ndiye anayambanso. Anaika za ndevu zitatu, zinachoka. Kenako aliyense m'shedi anayamba kumuuza koika. Bwato litamira, anakana kupereka chogwirira kwa mnzake, ndipo Ba Mutinta anachita kumulanda.

"Manje nsomba zaoneka," anatero. "Munipangile zina zibili. Ba Mweemba ku doko ya kumusi naonso afuna."

Sitinalemere nayo Bwato, ndisaname. Makatiriji tinkapanga malinga ndi akufa omwe tapeza, ndipo patapita zaka timakina tija tinatha, kunabwera ta madisiki tomwe Ba Sakala sanatithe. Ine ndinapita kukagwira ntchito yodinda masikipa ndi zikwangwani, yomwe ndikugwirabe. Mpaka lero, chilichonse chomwe ndajambula ndimayamba ndachipititsa pa fotokope yakuda ndisanachionetse kwa mwini wake, ndipo ndimafunsa komwe chikapachikidwe ndi omwe akachione. Ana a kuntchito amati ndi zachikale. Ndimawasiya anene.

A Yohane anabweradi mu Januwale, lole ili yopanda katundu monga analonjezera. Kunyumba sanandipeze, anawalozera kushopu. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana mawaya, mapepala a timabokosi ndi dazi la Ba Sakala.

"Ndiye nchito yake ni iyi, mlongo? Kudrowa tunsomba?"

Ndinawakhazika pa stulu n'kuwapatsa chogwirira. Bwato lawo linamira kangapo, akutukwana pansipansi, mpaka Dalitso ndi Tisa anafika kuchokera kusukulu ali m'mayunifolomu, n'kuyamba kuwaphunzitsa amalume awo koika ya ndevu. Lole inanyamuka m'mawa mwake itanyamula matumba a feteleza a munthu wina.