Tarbo ndi Chidindo cha Dakiya

Kwawo ku Dakiya, dziko lomwe Aroma analigonjetsa, Tarbo anali mmisiri wosula siliva. Ku Roma anafika chingwe chili m'khosi, atagwidwa pankhondo, ndipo mkazi wake Ziya anagulitsidwa tsiku lomwelo kwa munthu wosamudziwa. Tarbo anagwera kunyumba yosulira ndalama za Kaisara, komwe ankasema zidindo zachitsulo zodindira ndalama zamkuwa.

Patatha zaka zinayi, maso ake anayamba kuchita nkhungu. Sanauze munthu, poti kapolo wosaona ankamutaya kumigodi.

Tsiku lina kapitawo wake, Kalisito, anabwera ndi ntchito ya ndalama yokumbukira kugonja kwa Dakiya. Pandalamapo ankafuna chithunzi cha mkazi wachidakiya atakhala pamulu wa zishango, atagwira tsaya, pafupi ndi mtengo wopachikapo zida zolanda. Anati ikakoma adzapempha akuluakulu kuti amupatse ufulu.

Mtima wa Tarbo unathamangira kwa Ziya. Mfulu imatha kuyenda m'misika n'kumafunsa. Anasema masiku khumi ndi awiri, mphuno ili pachitsulo, maso akuwawa ngati athiridwa mchenga.

Kalisito anadinda paphula, n'kuseka. "Iwe mdala, ameneyu wagonja, kapena akudikira mwamuna wake kuti amukalipire? Muweramitse mutu."

Pachidindo chachiwiri dzanja linaterereka n'kudula chishango pakati. Pachachitatu mizere sankaionanso. Anasema mopapasa ndi chala, akukumbukira mmene akazi akwawo anakhalira pansi tsiku lomwe linga lawo linapsa.

"Ichi ndiye chidindo," anatero Kalisito.

"Nanga za ufulu zija, bwana?"

"Ndinati ndidzapempha. Sema kaye china chonga ichi, chimodzi sichichedwa kusweka."

Tarbo anagwada, namugwira mwendo, n'kuulula kuti maso aja anatha, china sangasemenso. Anapempha kuti angomumasula, ngakhale akafere m'msewu. Za ufulu Kalisito anati zaleka pomwepo, koma kumigodi sanamutumize. Anamuika popopa mvukuto.

Ndalama zija zinasulidwa zikwizikwi, asilikali n'kumagulira vinyo. Tarbo anapopa mvukuto zaka zisanu ndi chimodzi. Ankafunsa kapolo aliyense wobweretsa makala ngati anaonapo Ziya, mkazi wachidakiya wa chipsera pachibwano. Ambiri ankangomuseka. Mmodzi anati anaonapo wotero akutsuka mitsuko kudoko la Ositiya, koma sanatsimikize. Tarbo anapempha chilolezo chopita kumeneko kawiri, namukaniza. Anamwalira chaka chotsatira, m'nyengo yozizira.