Mzere wa a Helmut pa Mwendo Wanga

Chizindikiro choyamba chinali kachilonda kochepa pamsongolo wakumanzere. Lolemba lina mu Novembala, chitsulo chopondapo cha njinga ya olumala chinandikala ndikukankha munthu amene ndinkamusamalira kunyumba kwake ku Sheffield. Ndinapukuta ndi tishu n'kupitiriza ntchito.

Munthuyo anali a Helmut, Mjeremani wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankayendetsa kasinja m'gulu lina la asilikali a akasinja a dziko lawo. Anagwidwa ku France, anabwera nawo ku Yorkshire, dera lomwe kuli Sheffield, ngati mkaidi, ndipo nkhondo itatha anakwatira konkuno osabwereranso. Pathebulo lawo panali mapu aakulu a Ulaya. Ndikawapatsa tiyi, ankatenga cholembera chakuda chonenepa n'kumatsata njira ya gulu lawolo: Poland, France, kenako mkati mwenimweni mwa Russia kumene iwo analowera gululo, kenako ulendo wothawa chobwerera. Sankadzitama ayi. Ankatchula mayina a anzawo amene anatsala m'njira, ndipo tsiku lina anandiuza mosabisa kuti midzi ina ya pamapupo anaiwotcha ndi iwowo, eni ake osalakwa kanthu. Ndinkamvetsera kukamwa kuli yasa, mantha ndi chidwi zitandigwira pamodzi.

Lachitatu mwendo unayamba kulemera. Lachinayi ndinazizidwa mpaka mano kugundana, koma ndinati ndi nyengo. Ndinachita zomwe tinakulira nazo: kuthowa ndi madzi otentha amchere ndi kumwa panado. Ndinali nditamvapo kuti chilonda chikavuta khungu limafiira, ndiye ndinkayang'anitsitsa m'mawa uliwonse. Pakhungu langa lakudali sindinaone kufiira kulikonse, ndipo ndinadzinamiza nazo zimenezo. Komanso makani ndili nawo, sindikana. Amuna anga atanena zopita kuchipatala ndinawayankha kuti, "Inu bambo a Tadala, kukadikirira tsiku lonse chifukwa cha kachilonda? Nanga shifti yanga andigwirira ndani?"

Lachisanu ndinatsika basi n'kukwera chitunda cha kwa a Helmut ndikutsimphina. Anandiona ndisanavule jekete. Anandikhazika pampando n'kundiuza kuti ndipinde thalauza. Iwo sanadalire maso. Anayendetsa kuseri kwa dzanja lawo pamwendo wanga kufufuza pomwe kutentha kunkalekezera, kenako ndi cholembera cha pamapu chija anazunguliza mzere, n'kulemba nthawi pambali pake.

"Grace, kutenthaku kukadumpha mzerewu, mwendo adzaudula," anatero. "Ku Russia tinkatero. Pita pompano." Anaimba okha foni ku ofesi yathu kuti atumize munthu wina.

Kuchipatala ndinadikira maola atatu. Nesi atandiitana anapeza kuti kutupa kwadutsa kale mzere uja ndi zala zitatu kulowera kubondo. Anawerenga nthawi yolembedwa pakhungu, anayang'ana wotchi yake, n'kufunsa kuti, "Walemba izi ndani?" Sanadikire kuti ndimalize kufotokoza, anathamangira dokotala. Dokotalayo anati tizilombo talowa pansi pa khungu ndipo tayamba kufalikira m'magazi, kuti ndikanadikira mpaka Lolemba tikanakamba za mwendo kapena za moyo womwe. Anapezanso kuti ndili ndi matenda a shuga, amene sindinkawadziwa n'komwe.

Ndinagona m'wodi masiku asanu ndi anayi. Kusanache bwino ankandiyeza kuthamanga kwa magazi ndi kutentha kwa thupi, kundibaya chala kuyeza shuga, ndipo mankhwala ankalowa kudzera m'diripi kanayi patsiku. Mwendo unkakhala pamwamba pa mapilo. M'mawa uliwonse nesi ankalemba mzere watsopano. Masiku awiri oyamba mizere inkangokwera, ndipo ndinalira kwambiri poganiza kuti mwana wanga Tadala adzakula akukankha mayi ake panjinga. Tsiku lachitatu mzere unaima. Tsiku lachinayi unayamba kutsika. Tsiku lachisanu anang'amba pang'ono kuti mafinya atuluke. Ndinkagona n'kumayang'ana mwendo wodzaza mizerewo, ndendende mapu a pathebulo paja, ndipo ndinkagoma kuti thupi la munthu nalonso limamenya nkhondo yake mwakachetechete.

Patapita masabata asanu ndi limodzi ndinabwerera kuntchito. A Helmut anandiuzanso kuti ndipinde thalauza, nagwira mwendo wozizira bwinowo kwa nthawi yaitali. Kenako analoza malo ena pamapu, ku Russia. Anati pamenepo mnzawo wa m'kasinja yemweyo anakalika ndi chitsulo pamwendo. Iwo analemba mzere ndi makala, koma gulu linali likuthawa m'chisanu, chipatala kunalibe, mankhwala kunalibe. Anangopenyerera kutupa kukudutsa mzerewo mpaka mnzawoyo anamwalira tsiku lachitatu.

"Ndinalembapo mizere yambiri nthawi imeneyo," anatero, misozi ikuyenderera. "Wako ndi woyamba kuuona ukubwerera m'mbuyo."

Mpaka lero sindidziwa mmene ndingagwirizanitsire dzanja limene linawotcha midzi ndi dzanja limene linapulumutsa mwendo wa mayi wa ku Ntcheu. Zina ndinazisiya m'manja mwa Mulungu.

Pano ndili bwino. Ndimamwa mankhwala a shuga tsiku ndi tsiku, chatsala ndi chipsera, ndipo zitunda za Sheffield ndimakwera ndi miyendo yanga iwiri. Abale anga a khungu ngati langali, musadikire kuona kufiira, mwina simudzakuona. Chilonda chikatentha, chikatupa, thupi n'kuyamba kuzizidwa, gwirani ndi dzanja, lembani mzere, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Mnzawo wa a Helmut analibe kopita, koma ine chipatala ndinkachidutsa pabasi tsiku lililonse, ndipo ndinatsala pang'ono kufa imfa yofanana ndi yake.