Katani ya timiyala

Esinati mkazi wanga, lero ndadutsa kwanu ku Nkhulambe pa njinga, koyamba kuchokera tsiku lija alongo ako anandiuza kuti maliro atha, mkamwini azipita kwawo. Sindinatsike. Koma ndaona katani yathu ya maluwa ofiira ija itayalidwa pabwalo, ayanikapo nandolo. Ukukumbuka tsiku lomwe tinakaigula ku Migowi? Titafika kunyumba unandituma kumtsinje kukatola timiyala tosalala. Ndinanyinyirika kuti ine munthu wamkulu sindingamatole miyala ngati mwana. Unaseka n'kunena kuti, "Bambo, mphepo ya m'phirimu mukuidziwa. Tikapanda kusokerera timiyala m'munsi mwakemu, katani izingouluka, odutsa azitiona mpaka kuchipinda." Unasoka mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikukupatsira kamodzikamodzi.

Njerwa za nyumba ija ndinaumba ndekha, koma ndinatulukamo ndi chikwama chimodzi. Katani yokhayo ndinaipempha, anandikaniza, ati ndi katundu wa pamudzi. Lero kunali mphepo yamphamvu, Esinati, koma katani yako sinasunthe. Timiyala tako tikugwirabe ntchito. Amene ndinauluzika ndine ndekha.